Dongo langa lili ndi kaolinite wochepa: kodi lingakonzeke kuti lilowe mu simenti?

Funso lachokera kwa bambo wina amene amaumba mabuloko a simenti m'chigawo chapakati. Akuti pamalo pawo pali dongo lofiirira lambiri, ndipo atatumiza pang'ono ku labotale anauzidwa kuti lili ndi kaolinite, womwe ndi mtundu umodzi wa dongo, wokwana 28 peresenti, pomwe akumva kuti lofunika pa simenti liyenera kufika 40 peresenti. Anayesa kuliwotcha mu uvuni wa njerwa, n'kulisinja, n'kulisakaniza ndi simenti ya m'thumba, koma mabuloko ake ankanyenyeka m'makona. Akufunsa ngati pali njira yolikonzera, kapena angolisiya.

Bambo, musalisiye msanga. Dongo la 28 peresenti si lotayika, koma musanagule makina alionse muyenera kudziwa kuti gawo lotsalalo, 72 peresenti, ndi chiyani. Ngati ndi mchenga, ntchito yake ndi yotheka ndipo si yodula kwenikweni. Ngati ndi mtundu wina wa dongo, ngakhale mutalisefa chotani simupindula kanthu.

Tiyambe ndi chifukwa chimene dongo limalowera mu simenti. Simenti wamba imapangidwa ndi klinka, timibulu ta miyala ya laimu ndi dongo timene timapsa pa madigiri pafupifupi 1,450. Simenti ikakumana ndi madzi imalimba, koma imatulutsanso laimu wina amene amangokhala m'kati osawonjezera mphamvu kwenikweni. Kaolinite akapsa bwino amataya madzi amene anamangika m'thupi mwake, dongosolo lake la m'kati limasokonekera, ndipo amasanduka chimene amachitcha metakaolin. Ameneyu ndiye amadya laimu wotsala uja n'kupanga zomatira zatsopano zimene zimatseka timabowo ta mu konkire. Mukawonjezapo ufa wa miyala ya laimu wosawotcha, aluminiyamu wa m'dongo amagwirizananso nawo. Pamenepa ndi pamene panachokera simenti yotchedwa LC3, imene anaikonza akatswiri a ku yunivesite ya EPFL ku Switzerland mogwirizana ndi anzawo a ku Cuba ndi ku India. Muyeso wake wodziwika ndi klinka 50 peresenti, dongo lowotcha 30, miyala ya laimu 15, ndi jipisamu (mwala wofewa woletsa simenti kulimba msanga) 5. Nambala ya 40 imene mwamvayo inachokera kumeneko: dongo likafika pamenepo, simenti ya theka klinka imalingana mphamvu ndi simenti wamba pofika masiku 7 mpaka 28. Si malire oti pansi pake dongo siligwira ntchito. Limagwira, koma limalowa m'malo mwa klinka wochepa.

Tsono tione chimene chili m'dongo lanulo. Tengani kilogalamu imodzi youma, muiviike m'madzi usiku wonse, muivundule kwambiri mpaka zibuma zonse zitasungunuka, kenako muitsuke pa sefa ya 63 micron (ma micron 1,000 ndi milimita imodzi). Sefa zotere zimapezeka m'malabotale oyeza dothi la misewu. Chotsala pamwamba muchiumitse, muchiyeze pa sikelo. Chikaposa gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo mukachipekesa ndi zala chikukhakhala ngati mchenga wa kumtsinje, muli ndi mwayi, chifukwa kaolinite ndi wosalala kwambiri ndipo amadutsa sefa, pomwe mchenga wa quartz umatsala.

Koma pa dothi lofiira ngati katondo pali msampha umene ambiri amagwamo. Chitsulo cha m'dothi chimamata tinthu ta kaolinite kukhala timibulu tolimba tofanana ndi mchenga. Mukasefa mwachangu, timibulu timeneti timatsala pa sefa, ndipo mumataya chinthu chomwe mukuchifunacho. Njira yodziwira ndi kutenga chotsalacho n'kuchipekesa ndi supuni pa galasi ndi madzi pang'ono. Mchenga weniweni umakanda galasi ndipo susintha. Timibulu ta dongo timaphwanyika n'kusanduka phala lofiira. Zikatero, dongo lanu likufuna kupekesedwa mwamphamvu lisanafike pa sefa, osati kungoviikidwa.

Kuyeza kaolinite mungathe kuchita nokha ngati mwapeza uvuni wa magetsi wa ku labotale ndi sikelo yowerenga tizigawo ta galamu. Umitsani dongo pa madigiri 200, muyeze magalamu 100. Liikeni pa madigiri 400 kwa ola limodzi, muyeze. Kenako pa madigiri 600 kwa ola lina, muyezenso. Kaolinite weniweni amataya 13.96 peresenti ya kulemera kwake. Ndiye ngati pa 400 munapeza magalamu 98.6 ndipo pa 600 mwapeza 94.7, lataya 3.9; gawani 3.9 ndi 13.96, mupeza pafupifupi 28 peresenti. Timayambira pa 400 chifukwa pansi pa apo pamachoka chinyezi, madzi a m'zitsulo za m'dothi ndi zinyalala zambiri za zomera, zomwe zingakunamizeni. Timalekera pa 600 chifukwa kupitirira apo miyala ya laimu imayamba kusweka. Muyeso umenewu umakometsa nambala pang'ono ngati muli mitundu ina ya dongo monga illite ndi smectite, choncho ndi bwino kuti kamodzi kokha mulipire kuyeza kwa makina a X-ray kotchedwa XRD kuti mudziwe mayina enieni a zomwe zili m'kati. Ofesi ya Geological Survey ku Zomba ndi malo oyamba kufunsirako. Pa pepala la zotsatira za mankhwala yang'anani zinthu zitatu: Al2O3 (aluminiyamu) ikhale pamwamba pa 18 peresenti, kugawa Al2O3 ndi SiO2 (silika, yemwe amapanga mchenga) kupereke nambala yoposa 0.3, ndipo CaO (laimu) ndi SO3 (sulufule) chilichonse chisapitirire 3 peresenti.

Pali zizindikiro zina zosafuna makina. Dongo limene limamata kwambiri m'dzinja n'kung'aluka ming'alu yolowa dzanja m'chilimwe, ngati makande a m'madambo ndi a ku chigwa cha Shire, nthawi zambiri limakhala la smectite. Limenelo likapsa limagwira ntchito pang'ono, mochedwa, ndipo kulitsuka sikulisintha mtundu. Donthezaninso vinyo wosasa pa chibuma chouma. Chikachita thovu, muli laimu, ndipo laimu wambiri m'dongo amamata metakaolin pa moto n'kuchepetsa mphamvu yake.

Kukonza kotsika mtengo kwambiri kumachitikira pa mtapo pomwe, ndi khasu. Dongo silifanana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Dothi lakuda la pamwamba, lokhala ndi mizu, lichotsedwe lonse n'kuunjikidwa padera kuti mudzakwirire nalo dzenje. Pansi pake pamakhala gawo limene mwala unawola kwathunthu, ndipo kaolinite amachuluka pamenepo. Mukapitirira pansi mumafika pa mwala wowola theka, wokhala ndi timiyala tonyezimira ndi njere zoyera zosaphwanyika, ndipo nambala imatsikanso. Kumbani maenje oyesera angapo, mutenge dothi pa theka lililonse la mita, muyeze lililonse palokha. Kawirikawiri nambala ngati 28 imakhala ya dothi losakanikirana, pomwe gawo lina la dzenje lomwelo lingakhale pamwamba pa apo. Anyamata okumba akangodziwa mtundu ndi kakhudzidwe ka gawo labwino, mwakweza dongo lanu osawononga dontho la madzi.

Njira yachiwiri ndi kusakaniza ndi dongo lolemera. Ku Linthipe m'boma la Dedza kuli dongo la kaolinite lodziwika kalekale, lochokera ku mwala wotchedwa anorthosite, lomwe oumba makapu ndi mbale amaligwiritsa ntchito. Masamu ake ndi osavuta: mutapeza dongo la 60 peresenti, magawo 5 a lanu ndi magawo 3 a ilo, poyeza kulemera louma, akupatsani 40 peresenti ndendende. Vuto ndi thiransipoti. Dongo ndi katundu wolemera wotsika mtengo, ndipo lole ikayenda ulendo wautali phindu lonse limathera mu dizilo.

Tsopano kutsuka, komwe ndi mtima wa funso lanu. Tiyerekeze makilogalamu 100 a dongo lanu, momwe muli kaolinite makilogalamu 28. Mwachotsa makilogalamu 38: mchenga 36 ndi kaolinite makilogalamu awiri amene wapita nawo. Mwatsala ndi 62, momwe muli kaolinite 26. Imeneyo ndi 42 peresenti. Simunawonjezemo kanthu, mwangochotsa chopanda ntchito, ndipo mafuta owotchera sadzatheranso pa kutenthetsa mchenga.

Kachitidwe kake pa ntchito yaying'ono nkotere. Viikani dongo m'thanki, gawo limodzi la dongo louma pa magawo atatu kapena anayi a madzi poyeza kulemera. Poyamba liphwanyeni likadali phala lolimba, mu makina osakanizira konkire kapena ndi chopalasira cha injini, kwa mphindi 15 mpaka 20, chifukwa phala likakhala lolimba njere za mchenga zimakhulana zokha n'kusupula dongo lomwe lamatirira. Kenako onjezani madzi otsalawo, muvundule, mulisiye. Apa nthawi ndiyo sefa yanu. Njere ya mchenga ya 63 micron imamira pafupifupi mamilimita atatu ndi theka pa sekondi, ndiye m'thanki lozama theka la mita imafika pansi mphindi zitatu zisanakwane. Njere ya 20 micron imatenga mphindi zoposa 20. Tinthu ta kaolinite ta 2 micron timatenga pafupifupi maola 8 kumira masentimita 10 okha. Choncho mukadikira mphindi zitatu mpaka zisanu n'kutsegula mpopi umene uli pamwamba pang'ono pa mchenga wokhazikikawo, madzi a matope amene atuluke ndiwo chuma chanu. Mukafulumira, mchenga umabwera nawo. Mukachedwa kwambiri, dongo limakhazikika pamodzi ndi mchenga. Phala likakhala lokhuthara kwambiri njere sizimira momasuka ndipo nthawi zimenezi sizigwiranso ntchito, ndiye musaumire madzi.

Dongo likamakana kumwazika, ena amathiramo sodium silicate kapena sodium hexametaphosphate, magalamu awiri mpaka asanu pa kilogalamu ya dongo. Amathandizadi, koma musapitirize muyeso. Amachedwetsa kukhazikika kwa matope m'dziwe lachiwiri, ndipo phosphate ndi mdani wa kuuma kwa simenti. Pa ntchito yaikulu, m'malo mwa thanki amagwiritsa ntchito hydrocyclone, chipangizo chooneka ngati fanulo chimene chimazunguza phala ndi pampu: mchenga umatulukira pansi, dongo pamwamba.

Chovuta cha kutsuka si kulekanitsa, ndi kuumitsa. Kilogalamu iliyonse ya madzi imafuna mphamvu ya kutentha yambiri, yoposa ma megajoule 2.2, kuti iphwe, ndipo ngati mphamvuyo ichokera ku malasha, ntchito yonse yaluza. Kuno kwathu dzuwa ndilo limapulumutsa. Tsukani kuyambira Meyi mpaka Okutobala, mutsanulire matope m'maiwe osaya a simenti kapena a njerwa, okhuthala osapitirira masentimita 10, madzi oyera a pamwamba muwabwezere ku thanki. Likang'aluka n'kuyamba kutukuka m'mbali, litembenuzeni. Loti mudzagwiritse ntchito m'dzinja muunjike mu shedi. Mchenga wotsukidwawo musautaye, ndi wabwino pa mabuloko anu omwewo.

Kumene madzi ndi osowa kuli njira youma: kuumitsa dongo, kuliphwanya mopepuka mu chigayo cha mahamala kuti dongo lisanduke fumbi koma mchenga usasweke, kenako kupeta ndi mphepo ya makina. Siyeretsa ngati madzi, koma ilibe vuto la kuumitsa. Cholakwa chachikulu apa ndi kupera kwambiri musanalekanitse. Quartz akasalala ngati dongo, palibenso chomwe chingawasiyanitse. Ndipo fumbi la quartz limawononga mapapo kosabwerera, choncho aliyense wogwira pamenepo avale chotchinga mphuno chenicheni, osati kansalu.

Za kufiira musadandaule. Chitsulo sichichepetsa mphamvu, ndipo kuchichotsa ndi maginito ndi ntchito ya opanga mapepala ndi mbale zoyera, osati ya simenti. Chimangosintha mtundu. Mafakitale amene makasitomala awo amakana simenti yofiirira amachepetsa mpweya kumapeto kwa moto n'kuziziritsa dongo losakhudzana ndi mpweya, kuti chitsulo chikhale chotuwa m'malo mofiira. Pa buloko yomwe idzapakidwe pulasitala, zimenezo ndi kutaya ndalama.

Tibwere ku moto, chifukwa ndikukayikira kuti mabuloko anu anagwa chifukwa cha uvuni kuposa chifukwa cha 28 peresenti. Kaolinite amayamba kutaya madzi ake cha pa madigiri 400 mpaka 450 ndipo amamaliza cha pa 650, koma mphamvu yake imafika pachimake pakati pa 700 ndi 850. Ambiri amalunjika pa 800. Mukadutsa 900, tinthu timayamba kumatana ndi kupanga miyala yatsopano yosagwira ntchito, ndipo dongo limasanduka njerwa. Uvuni wa njerwa wa nkhuni ulibe kutentha kumodzi. Pafupi ndi ngalande za moto pamapsereza, m'mbali ndi pamwamba pamatsala paliwisi. Mukasinja zonse pamodzi mumapeza ufa wa mitundu itatu: wopserera umene uli ngati mchenga, wabwino pang'ono, ndi wosapsa. Wosapsawo ndiye woipitsitsa, chifukwa dongo laliwisi mu simenti limamwa madzi, limafufuma, likauma limanyala, ndipo makona a buloko amanyenyeka monga mwaonera.

Mafakitale amagwiritsa ntchito uvuni wozungulira, momwe dongo limakhala theka la ola mpaka ola, kapena flash calciner, momwe ufa wouma umapsa m'masekondi ochepa. Kampani ya Argos inayamba kuwotcha dongo motere ku Rioclaro m'dziko la Colombia mu 2020, ndipo kuno ku Africa mafakitale otere alipo ku Côte d'Ivoire, Cameroon ndi Ghana. Pa msinkhu wanu, chotheka ndi uvuni wotsekedwa wa mtundu wa oumba mbale, wokhala ndi chumuni ndi chitseko cha mpweya, komanso zoyezera kutentha zotchedwa thermocouple za mtundu wa K zosachepera ziwiri, china pamwamba china pansi. Dongo lilowe louma ndithu, m'timibulu tosaposa masentimita awiri kapena atatu, toyalidwa mosapanikizana kuti moto udutse. Kwezani kutentha pang'onopang'ono, ndipo zoyezera zonse zikafika pakati pa 750 ndi 800, gwirani pamenepo ola limodzi kapena awiri. Chibuma chachikulu chimapsa kunja n'kutsala chachiwisi m'kati. Muziswa zingapo pa uvuni uliwonse muone ngati mtundu wafanana mpaka pakati. Lopsa bwino limafumbutuka ndi zala kapena ndi kugogoda pang'ono. Likamalira ngati njerwa mukaligogoda, lapserera. Umboni weniweni ndi kubwereza muyeso wa 400 ndi 600 uja pa dongo lowotchalo: likatayabe kuposa galamu imodzi pa magalamu 100, silinapse. Nkhuni musaziwerengere n'komwe. Boma linaletsa njerwa zowotcha pa zomanga zake ndi zamabizinesi mu 2018 chifukwa cha mitengo yomweyo, ndipo sikungakhale kwanzeru kuthawa vuto limenelo n'kulibweretsanso pakhomo lina. Ganizirani mankhusu a mpunga, zitsononkho, utuchi, kapena malasha a miyala a ku Rumphi.

Kupera kumabwera moto utatha. Ufa usalale moti chotsala pa sefa ya 45 micron chisapitirire 34 peresenti, omwe ndi malire a muyeso wa ku America wotchedwa ASTM C618, ndipo ndi bwino kutsika kufika cha m'ma 10 mpaka 20. Mtondo ndi chigayo cha chimanga sizifika pamenepo. Pamafunika ball mill, chigayo chozungulira chopera ndi mipira ya chitsulo. Perani dongo palokha, chifukwa ndi lofewa kuposa klinka, ndipo zikaperedwa pamodzi dongo limasalala mopitirira pomwe klinka akadali wokhakhala. Mudzamvanso za kupera dongo laliwisi mwamphamvu kwambiri mpaka dongosolo lake litasokonekera popanda moto. Njirayi imaoneka yothandiza pa illite ndi smectite, koma imafuna zigayo zapadera ndi magetsi ambiri, ndipo si ya bizinesi ya mabuloko.

Cholakwa china chimene chingakhale kuti chinachitika ndi simenti imene munasakaniza nayo. Simenti zambiri zolembedwa 32.5 pa thumba, nambala yosonyeza mphamvu yake, zili kale ndi miyala ya laimu kapena zowonjezera zina. Mukachotsapo gawo lina n'kuikapo dongo, klinka amachepa kwambiri, ndipo laimu woti metakaolin adye amasowa. Werengani pa thumba. Yoyenera ndi yolembedwa CEM I, yomwe pafupifupi yonse ndi klinka, kapena 42.5 yokhala ndi zowonjezera zochepa. Ndi dongo la 28 peresenti losatsuka koma lopsa bwino, yambirani pa 15 peresenti: makilogalamu 42.5 a simenti ndi 7.5 a dongo. Ndi lotsukidwa lofika 40, mungayese 20, 25 mpaka 30. Ufa wa miyala ya laimu muziwonjezera pokhapokha simentiyo ilibe kale, pa muyeso wa gawo limodzi pa magawo awiri a dongo, ndipo dongo likakhala lofooka laimuyo achepenso chifukwa alibe aluminiyamu wokwanira woti agwirizane naye. Mukakweza dongo kwambiri, jipisamu wa m'thumba sakwanira, matope amalimba msanga pa fosholo ndipo mphamvu ya tsiku loyamba imagwa. Peresenti imodzi kapena ziwiri za jipisamu wopera zimakonza zimenezi, koma muyeso weniweni upezeke poyesa.

Dongo lowotcha limamva ludzu. Womanga akaona matope auma amathamangira ndowa, ndipo madzi owonjezerawo amadya mphamvu yonse imene dongo likanapereka. Pa mabuloko opanikiza ndi makina vutoli ndi lochepa chifukwa osakaniza ake ndi ouma kale. Pa konkire wothira pamafunika mankhwala ofewetsa. Kuthirira nako kutalike: masiku 7 osalumpha, pansi pa pulasitiki kapena masaka onyowa, chifukwa ntchito ya metakaolin imayamba simenti itatulutsa kale laimu wake, ndipo buloko ikauma pa tsiku lachiwiri ntchitoyo imaima.

Musakhulupirire maso, yesani. Muyeso wa ku Ulaya wotchedwa EN 196-1 ndi magalamu 450 a simenti, 1,350 a mchenga ndi 225 a madzi, oumbidwa m'timabuloko ta mamilimita 40 ndi 40 ndi 160, tophwanyidwa pa masiku 2, 7 ndi 28. Umbani magulu atatu: la simenti yokha, la simenti ndi dongo lanu, ndi la simenti ndi mchenga wopera wosalala ngati dongolo pa muyeso womwewo. Gulu lachitatuli ndi limene limanena zoona. Ngati dongo silikuposa mchenga wopera pa masiku 28, ndiye kuti likungodzaza malo, ndipo moto wanu wapita pachabe. ASTM C618 imafuna kuti pochotsa 20 peresenti ya simenti, mphamvu ifike 75 peresenti ya simenti yokha, koma malire amenewo ndi otsika moti ngakhale ufa wosagwira ntchito umawayandikira. Dongo labwino liyenera kufika cha m'ma 90 kapena kuposa. Makina ophwanyira alipo ku Malawi Bureau of Standards ndi ku MUBAS ku Blantyre. Kulinso muyeso wachangu wotchedwa R3, wa ASTM C1897, umene umayesa dongo ndi laimu pa madigiri 40 kwa masiku 7, wothandiza posankha pakati pa maenje anu osadikira mwezi.

Zotsatira zikakhala zabwino, yambani ndi mabuloko, mapeving'i ndi matope omangira. Mizati, mabimu ndi masilabu okhala ndi zitsulo zisiyeni kaye mpaka injiniya atavomereza, chifukwa konkire wa klinka wochepa amalola mpweya wa carbon dioxide kulowa msanga, ndipo zitsulo zimafuna chophimba chokhuthala kuti zisachite dzimbiri. Kugulitsa ufawo m'matumba ngati simenti kumafuna chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, ndipo kukumba dongo la malonda kumafuna chilolezo cha migodi ndi cha zachilengedwe, kuwonjezera pa mawu a amfumu. Pakali pano tengani dongo la m'dzenje limodzi, theka mulitsuke theka mulisiye, muwotche zonse pa 800 mu uvuni wa labotale, muumbe magulu aja. Kusiyana kwa mphamvu pa masiku 28, mukakuika pambali pa mtengo wa madzi, maiwe ndi aganyu, kudzakuuzani ngati thanki lotsukira ndi loyenera kumanga kapena ngati kuli bwino kungokhala pa 15 peresenti.